Mmene Ndinaphera Abambo Jino ndi Lilime

Mwakhala mukundivutitsa kuti ndikuuzeni chifukwa chimene anthu akwathu ku Neno amayambira kuseka akangondiona, ndisanapereke n'komwe moni. Chabwino, khalani pansi mumve. Koma wina akakaiulula nkhaniyi kuntchito, ine ndidzakana, ndipo ndidzalumbira.

Zonse zinayamba ndi dyera. Ndili chaka chachiwiri ku yunivesite kunabwera mphunzitsi wina wochokera ku Italy, mayi wamfupi wa magalasi aakulu, woyenda ngati basi ikumusiya. Anadzatsegula phunziro lowerenga mabuku a Chitaliyana m'chinenero chake chenicheni, osati omasuliridwa ayi. Ndisakunamizeni kuti ndinali ndi ludzu la mabuku. Ndinangomva mphekesera yoti mayiyo amaitana ophunzira ake kukadya kunyumba kwake, ndipo inu mukudziwa mmene mimba ya mwana wa yunivesite imalirira mwezi ukapita patali. Ndinalembetsa tsiku lomwelo. Kudyako tinakadyadi, kamodzi kokha, timachubu ta ufa wa tirigu tothira tomato, ndiwo ina osaoneka, moti pobwerera ndinachita kudutsira pachiwaya.

Koma chinenerocho chinandigwira. Abale, Chitaliyana n'chokoma! Mawu ake amathera pa a, e, i, o ngati athu omwewa, ndipo chimene walemba ndi chimene umawerenga, osati zachinyengo za Chingerezi zolemba zina n'kutchula zina. Tinayamba ndi tinkhani ta ana, kenako nkhani zazitali, pofika chaka chachitatu tinali titalowa m'ndakatulo zakalekale zolembedwa makolo athu asanamuone n'komwe mzungu. Ndinkakhala mu laibulale ndi dikishonale yonenepa ngati njerwa, kulimbana ndi mzere umodzi mpaka anzanga kupita kokadya n'kubwerako, ndiye mzerewo ukatseguka mtima unkachita kuti myaa. Mayeso ndinkakhoza bwino lomwe. Dzina langa la Lolensi mayi uja analisandutsa Lorenzo, ine n'kumadzimva kuti basi, ndafika.

Vuto linali limodzi, ndipo mayiyo anatichenjeza kuyambira pachiyambi: phunziro ili n'lowerenga, si lolankhula. Mayeso onse anali olemba. Ndiye m'mabuku amene tinkawerengawo munthu sapempha madzi akumwa, safunsa njira ya kuchimbudzi. Anthu ake amangokonda, kulira, kufa, ena n'kupita kumwamba ena kumoto. Ine ndinkadziwa mawu ambirimbiri onenera chisoni, misozi ndi manda, koma mukanandiuza kuti ndipemphe mchere ndikanangokuyang'anani.

Tsopano kwathu kunali Felista. Felista amaimba kwaya ku parishi kwathu, ndipo tinali titagwirizana kuti ndikangomaliza sukulu tidzamanga banja. Ndinkamukonda mtsikanayo, ndipo izi sindikunena mwanthabwala. Koma kwathu kuno mawu omaliza pa mwana wamkazi amakhala ndi amalume ake, ndipo amalume ake a Felista ndi a Kamwendo, mlimi wa mbatatesi, wapampando wa tchalitchi, munthu amene mano ake sindinkadziwa kuti ndi amtundu wanji poti sankaseka. Atamva zimene ndinkaphunzira anangofunsa funso limodzi: "Chitaliyanacho amathira ku mbewu?" Akwathu atatumiza mawu oti akufuna kudzaonekera, yankho linabwera loti adikire, iwo aone kaye kuti sukulu ya mnyamatayo ili ndi ntchito yanji.

Ndiye holide imeneyo ndinkayenda ndi buku la ndakatulo m'khwapa, chikuto chili kunja kuti aliyense aone, uku ndikupemphera kuti Mulungu anditumizire Mtaliyana.

Mufunsa kuti kodi Mtaliyana kunalibe? Analipo, Abambo Jino, bambo mfumu wa parishi yathu, nkhalamba yandevu zoyera imene inabwera kuno mayi anga akadali kamtsikana. Koma amenewo sanali othandiza. Chichewa chawo n'choposa changa, cha miyambi ndi zining'a zomwe. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwalonjera kuti buongiorno, iwo anangoti, "Ndadzuka bwino, kaya iwe mwana wanga," n'kumapitiriza kupopa njinga. Kunena zoona ndinapuma, chifukwa akanayankha m'Chitaliyana sindikudziwa ndikanathawira kuti. Ine ndinkafuna Mtaliyana wosadziwa Chichewa, woti ndizilankhula naye pamaso pa anthu popanda wondikonza.

Pemphero limeneli linayankhidwa, ndipo mpaka lero ndimasamala popemphera.

Tsiku lina chakum'mawa ndinaona a Kamwendo eniake atayima pakhomo pa mayi anga, akupumira m'mwamba.

"Iwe, vala nsapato. Kwabwera mlendo, sitikumvana naye."

M'njira anandifotokozera zochepa zimene ankadziwa, zina ndinadzazimva pambuyo pake. Mlendoyo anali mayi Roza, achemwali awo a Abambo Jino, gogo wokalamba ndithu, amene anangonyamuka kwawo osauza mlongo wawo, kufuna kudzamudzidzimutsa patapita zaka zambiri osaonana. Galimoto imene inawatenga pa Zalewa inangowatsitsa ndi masutikesi awo pakhonde la nyumba ya ansembe n'kubwerera. Chingerezi sankachidziwa ndi pang'ono pomwe. Abambo Jino anali atapita dzulo lake panjinga yamoto kumapiri, mbali za ku Nsambe, kukadzoza odwala ndi kukachita Misa ku nthambi za parishi, kumene foni simagwira pokhapokha utakwera pachulu. Wansembe wachinyamata amene amakhala nawo anali kumsonkhano m'tauni. Pamalopo panali amayi a gulu la mpingo la Lejiyo okha amene anabwera kudzakolopa m'tchalitchi, ndipo anali atawazungulira mlendoyo, kumangomwetulirana naye mpaka masaya kuwawa.

Ine kumva zimenezi ndinachita kuyenda modumpha. Ndinati lero ndi lero, a Kamwendo aona okha ngati amathira ku mbewu kapena ayi.

Nditafika ndinawerama, n'kulumikiza mawu onse aulemu amene ndinkawadziwa. Poti mawu anga anali a m'ndakatulo zachikondi, zimene zinatuluka zinali zoti iwo ndi mfumukazi yolemekezeka, maso awo agonjetsa dzuwa, ndipo ine kapolo wawo ndafika. Gogoyo anaseka mpaka kugwira pamimba, anawomba m'manja, n'kunditsina tsaya. Amayi a Lejiyo anayamba kunong'onezana kuti mwamumva mwana wa anaPhiri, akuchita kuchitafuna. Ndinaba diso kuyang'ana a Kamwendo, ndinaona akugwedeza mutu pang'onopang'ono.

Kenako mayi Roza anafunsa funso limene anayendera ulendo wonsewo: mlongo wanga Jino ali kuti?

Apa ndiime kaye ndikufotokozereni kanthu, chifukwa ine nthawi imeneyo sindinkakadziwa, koma inu ndi bwino mukadziwiretu. Kwa ife Amalawi, L ndi R ndi mapasa, amene ali pafupi ndi amene timamutuma. Unene kuti "kulira" kaya "kurila", palibe angakufunse, maliro ake ndi omwewo. Ku Chitaliyana si choncho. Kumeneko molto ndiye kuti "kwambiri", pamene morto ndiye kuti "wamwalira". Papepala ine sindinkalakwitsa ndi tsiku limodzi lomwe. Koma lilime langa silinapiteko ku yunivesite, linangondiperekeza.

Ndinafuna kunena kuti ali kutali kwambiri. Ataliyana amayamba ndi "kwambiri" n'kumalizira "kutali". Loyambalo ndinalitulutsa, koma lachiwirilo, mawu oti "kutali", linangosowa m'mutu ngati ndalama yogwera m'thumba lobooka. Ndinatsala ndikubwereza loyamba lija podikira kuti mnzake afike.

"È morto... morto... morto..."

Mawu aja osabwera. Ndiye ndinati manja athandize. Ndinakweza chala kuloza kumapiri kumene anapita, ndipo inu mukuwadziwa mapiri akwathu, munthu ukawaloza uli m'munsi chala chimapenya kumitambo. Pomwepo ndinakumbukira liwu lina lokoma, lassù, lotanthauza "kumtunda uko". Ndinaiwala kuti m'ndakatulo zonse zimene ndinalipezamo, kumtunda kwake kunali kwa angelo. Ndinalinena ndi nkhope yofatsa, yaulemu, chala chili m'mwamba.

Kumwetulira kwa gogo uja kunazima. Anafunsa motsitsa mawu kuti liti. Limenelo ndinalimva bwino, ndinayankha monyadira kuti ieri, dzulo. Anafunsanso kuti motani. Ndinati ameneyu akufuna adziwe kuti anayenda bwanji, ndinayankha kuti in moto, ndiye kuti panjinga yamoto, ndipo kuti amvetse bwino ndinagwira mahandulo a m'malere n'kupendekera uku ndi uku kusonyeza kuipa kwa msewu.

Mwaona zimene ndinachita, eti? Wamwalira, ali kumwamba, dzulo, panjinga yamoto, ndipo njingayo inkapendekera chonchi. Ine ndili phee, ndikudziwerengera mamalikisi.

Mayi Roza anakhala pansi pa sutikesi n'kutulutsa foni. Ndinatembenukira kwa a Kamwendo n'kuwauza ngati munthu wodziwa zinthu kuti akuimbira akwawo kuwauza kuti afika bwino. Analankhula pafonipo mothamanga, ine osatolapo kanthu, kenako anangokuwa ndi mawu ong'amba mtima:

"Gino è morto! È morto!"

Tsopano liwu limenelo, likutuluka m'kamwa mwa mwini chinenero, misozi ili chuchuchu, ndinalimva bwinobwino. Ndi liwu limene ndinakumana nalo pafupifupi tsamba lililonse kwa zaka zonse za maphunziro anga. Ndinati kalanga ine, foni ija yabweretsa uthenga, ngozi yachitika kumapiri ndipo achipatala ayamba kudziwitsa akwawo kunja, monga achitira azungu. Zoti uthengawo wachokera m'kamwa mwanga sizinandidutse m'mutu ngakhale pang'ono.

A Kamwendo anandigwira paphewa. "Akuti chiyani?"

Ndinavula chipewa. "Zovuta, bambo. Akuti Abambo Jino atisiya."

"Atisiya bwanji?"

Ndinatchera khutu, gogoyo anali akubwereza pafoni kuti in moto, in moto. "Akuti ngozi ya njinga yamoto. Dzulo."

Anzanga, munayamba mwamuona munthu akudzitumizira yekha uthenga wa maliro, n'kuulandira, n'kulira nawo? Ndinalira ine, misozi yeniyeni, chifukwa Abambo Jino ndi amene anandibatiza.

Amayi a Lejiyo anaponya zokolopera pansi n'kuyamba kubuma. Mmodzi anathamangira kubelu. Wina anathamangira kumsika, ndipo poti makutu ake anangotola liwu loti "moto", pofika kumsikako nkhani inali yoti Abambo apsa ndi moto. Pobwerera kuchokera kumsika inali itakula, akuti njinga inaphulika ndipo chimene chapezeka ndi korona yawo yopempherera yokha. Ine ndinamva zimenezo n'kuwonjezera kulira, ndinati ha, zinafika pamenepo?

A Kamwendo ndi munthu wadongosolo, pamaliro ndiye amachita kuoneka kuti anabadwira zomwezo. Posakhalitsa masamba anali ataikidwa pamsewu mbali zonse ziwiri. Amuna ena anatumidwa kukasaka galimoto yokatenga thupi, ngakhale panalibe wodziwa kuti thupilo lili kuti. Amayi anayamba kututa nkhuni ndi madzi. Akwaya anafika n'kuyala mphasa pabwalo, Felista ali pakati pawo maso ali psuu, akutsogolera nyimbo yachisoni ndi mawu onjenjemera. A Kamwendo anati kubwera alendo olemekezeka, mwina ndi ambuye episkopi omwe, sangadye masamba, choncho analamula kuti mbuzi yawo yaikulu ija, imene ankaisungira Khirisimasi, igwetsedwe.

Nthawi yonseyi mayi Roza anali atandigwira dzanja osalisiya. Ankandifunsa mafunso, thupi lili kuti, anamva ululu kapena ayi, anasiya mawu otani. Ine ndinkadabwa kuti akufunsiranji ine pamene uthenga abwera nawo ndi iwo, koma ndinati n'chisoni, chimasokoneza mutu. Pofuna kuwatonthoza ndinkangolozanso kumtunda, iwo n'kumawonjezera kulira.

Kenako panachitika chinthu chimene ndimachita nacho manyazi kuposa zonse. A Kamwendo anandikokera pambali, n'kundiyang'ana m'maso.

"A Lolensi, mukanapanda inu tikanamva bwanji? Tikanangomwetulirana nawo mayiwa mpaka dzuwa kulowa, Abambo ali gone kumapiri. Sukulu yanu ija ndaiona lero. Zikatha izi, akwanu abwere."

Munamva? "Inu". Munthu amene chibadwire changa ankanditchula kuti iwe. Abale, ndikhululukireni, pakati pa maliro a wansembe amene anandibatiza, mtima wanga unavina. Nkhope ndinaisiya yachisoni, koma m'kati munali chikondwerero. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Anthu atadzaza bwalo, a Kamwendo anaimirira n'kulengeza kuti mpingo upepese mlendo wathu m'chinenero chake, ndipo mwamwayi tili ndi mwana wathu wophunzira. Apa ndiye anandiponya m'munda mwanga. Kupempha mchere sindinkatha, koma maliro? Ndinakwera pakhonde, ndinakonza kolala, ndinayang'ana khamu lonse litaweramitsa mitu, n'kutsegula pakamwa. Ndinatulutsa zonse zimene ndinasunga m'zaka zija. Dzuwa lazima. Nkhosa zasowa mbusa. Imfa yankhanza yathyola mtengo waukulu. Anthu sankamva kanthu koma ankabuula m'malo oyenera. Ndinafika pachimake, ndinatambasula manja kuloza mpingo wonse, kufuna kunena kuti tonsefe tili m'chisoni chachikulu. Chisoni cha maliro amati lutto. Mapasa aja anasinthananso, ndinati rutto, kumene ndi kugeya. Ndinalengeza ndi mawu amphamvu kuti parishi yonse, amuna, amayi ndi ana, tili m'kugeya kwakukulu, ndipo tidzageya mpaka kalekale.

Mayi Roza anasiya kulira n'kundiyang'ana. Ine ndinati mawu awalowa.

Ndi pamene ndinakweza maso kuyang'ana kumbuyo kwa khamulo, poti ndinali ndekha woyang'ana kumsewu. Kumapeto kwenikweni, pambali pa mkulu wina wamaso ofooka, panali patakhala nkhalamba yachizungu, fumbi lili mbuu thupi lonse, chipewa chili m'manja, ndevu zoyera zikugwedezeka. Kumbuyo kwake kunali njinga yamoto itatsamira mtengo, nkhuku yamoyo ili lende pahandulo.

Mawu anandithera. Ndinayesa kuloza koma chala chomwe chinakana.

Zimene zinachitika n'zakuti Abambo Jino, pobwerera kuchokera kumapiri, anapeza masamba pamsewu. Monga munthu wodziwa mwambo, anazimitsa njinga, anatsika, anavula chipewa, n'kumaikankha mwakachetechete kulemekeza maliro. Anakhala kumbuyo kuti asasokoneze, n'kunong'oneza mkulu uja kufunsa kuti watisiya ndani. Mkuluyo osatembenuka anati ndi Abambo Jino, apsa ndi moto. Eniakewo amati anayankha kuti, "Pepani kwambiri. Anali munthu wabwino?" Mkuluyo anati anali wabwino ndithu, kungoti maulaliki ake ankatalika.

Anthu ataona kuti ndangoti kakasi, anayamba kutembenuka mmodzimmodzi. Mayi wina anakuwa. Zitatero bwalo lonse linabalalika, akwaya kulumpha mphasa, zitenje kutsala m'mbuyo, mkulu wamaso ofooka uja anathamanga liwiro loti adzukulu ake sanalionepo. A Kamwendo, wapampando wathu wolimba mtima, ndinawaona atabisala kuseri kwa thanki ya madzi akuchita chizindikiro cha mtanda mobwerezabwereza.

Amene sanathawe ndi mayi Roza okha. Anaimirira, anayenda pang'onopang'ono mpaka pamene panali mlongo wawo, anamugwira ndevu n'kuzikoka kuti aone ngati n'zenizeni, kenako anamumenya khofi paphewa n'kumukumbatira, onse awiri akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Zinali zokhudza mtima, ndipo ine ndinayamba kutsetsereka chammbali kuti ndiwapatse mpata. Sindinafike patali. Gogoyo anatembenuka, anatambasula dzanja, chala chili pa ine.

Abambo Jino anandikodola. Anthu anali atayamba kubwerera, akusuzumira kaye patali. Anandifunsa m'Chichewa, mofatsa, kuti ndinawauza chiyani achemwali awo. Ndinati ine sindinanene choipa chilichonse, ndinangoti muli kutali kwambiri, uthenga wa imfa wabwera pafoni.

"Tanena 'kwambiri' m'Chitaliyana, mwana wanga."

"Morto."

"Chabwino. Tsopano nena 'wamwalira'."

"Molto."

Nkhalamba ija inakhala pansi pafumbi pomwepo. Inaseka mpaka kutsokomola, misozi ikutsika m'ndevu, ikumenya pansi ndi chipewa. Itapezako mpweya inaimirira n'kufotokozera mpingo wonse, bwinobwino ngati ulaliki, kuyambira pa chala choloza kumwamba mpaka pa kugeya, osasiyako kanthu. Ndipo mkulu uja ananena zoona, maulaliki awo amatalika. Ine ndili chiimire pakhonde, buku langa la ndakatulo lili m'khwapa, ndikupempha nthaka kuti ing'ambike.

Mayi Roza anachita kuimbanso foni kwawo kukabweza maliro, ndipo kumeneko akuti anali atauza kale wansembe wa m'mudzi mwawo kuti akonze Misa. Amuna okasaka galimoto aja anafika nayo, matiresi ali kumbuyo, n'kupeza malemu akumasula nkhuku panjinga. Abambo Jino anati poti nkhuni zayaka kale, anthu asabalalike, mwambo usanduke wolandira mlendo. Anthu anadya, akwaya anasintha nyimbo. Tsiku limenelo amene anafadi ndi mbuzi ya a Kamwendo.

Ine nyamayo sindinailawe. Ndinadzera kuseri kwa tchalitchi, kudutsa m'minda ya anthu, mpaka kunyumba. Masiku otsatira sindinatuluke. Mayi anga ankati akapita kumjigo amayi anzawo amawafunsa kuti mwana wanu lero wapha ndani. Koma kusekedwako sikunali kanthu. Chimene chinkandidya n'chakuti ndinadziwa kuti Felista ndamutaya. Ndinali nditaphetsa mbuzi ya amalume ake, nditawabisalitsa kuseri kwa thanki pamaso pa mpingo umene amautsogolera. Munthu wotero angakupatsenso mwana?

Felista anabwera yekha masana ena. Anaima pakhomo manja ali m'chiuno, mawu ake akadali osasa.

"Ndinalira mpaka mawu kutha chifukwa cha iwe. Lamlungu ndiimba bwanji?"

Ndinayamba kupepesa, koma ndinaona milomo yake ikunjenjemera, kenako anaphulika kuseka mpaka kutsamira chitseko. Atatha anapukuta misozi n'kunena kuti amalume akundifuna mawa, ndipite ndi amalume anga. Ndinamufunsa kuti nkhope yawo ikuoneka bwanji. Anati ngati masiku onse, ndipo zimenezo sizinandithandize.

Tinapita. Tinawapeza a Kamwendo atakhala pansi pa mtengo wa nachesi, chikopa cha mbuzi ija chili chokhomedwa padzuwa patsogolo pathu penipeni, ndipo ndikukhulupirira kuti mipando anaiika dala moyang'ana kumeneko. Amalume anga anayamba kupepesa mozungulira, kuti mwana ndi mwana, lilime lilibe fupa. A Kamwendo anangokweza dzanja. Anayang'ana chikopa, kenako ine, kenako chikopa.

"Nkhaniyi ndaiganizira," anatero. "Ine ndine munthu wodwaladwala, magazi amandithamanga. Tsono mnyamata uyu wapha wansembe dzuwa likuswa mtengo, popanda mpeni, popanda mankhwala, ndi pakamwa pokha. Wansembe, munthu wa Mulungu. Nanga ine mlimi wa mbatatesi ndingalimbe? Munthu wotere sumukaniza mbeta. Ndi bwino akhale mkamwini wako kusiyana n'kuti akhale kunja akukuganizira."

Amalume anga anayamba kuwomba m'manja, koma a Kamwendo anali asanamalize.

"Felista amutenge. Koma pakhomo panga pano, mlendo akadzafunsa kuti a Kamwendo ali kuti, iyeyu asadzayankhe. Adzaitane mwana."

Ndi tsiku limenelo ndinaona mano awo koyamba. Ndi oyera bwino, anzanga.

Felista ndi mayi wa kunyumba kwanga tsopano. Mabuku a Chitaliyana ndimawerengabe, ndipo amandikomera kuposa kale, koma ndimawerenga pakamwa pali chitsekere, milomo osagwedera n'komwe. Ndinalumbira kuti liwu la chinenero chimenecho silidzatulukanso m'kamwa mwanga pali munthu wamoyo pafupi, makamaka amene ndikufuna akhalebe wamoyo.